Kashembe wa dontho loyera

Chinali chaka changa chachiwiri pabanja, nthawi ya Chitaganya. Tinkakhala kuseri kwa Malomo, komwe minda imathera ndi kuyamba nkhalango. Amuna anga anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo.

Mmawa wina anandiitana kukhola, atapana kanthu ndi zala. Anali kashembe, ntchentche ija yoluma ng'ombe mpaka kuonda. Koma uyu anali ndi kadontho koyera pamsana, kozungulira bwinobwino.

"Tayang'anani, mayi. Ichi sichobadwa nacho."

Sabata isanathe, anthu ena anagwira wa dontho lofiira. Mphekesera inafalikira yoti boma likupanga ntchentche zake m'mabotolo kuti ziweto zithe, amuna apite kukagwira ntchito ku Halale. Bambo mfumu anatiuza kutchalitchi kuti tisaope, koma nawonso sanathe kufotokoza.

Tsiku lina masana ndikutola nkhuni, nkhalango inangoti zii. Kenako m'kanjira munatulukira amuna awiri ovala khaki, atanyamula nsalu yakuda yopachika pamtengo, wina kutsogolo wina kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono ngati apamaliro. Ntchentche zinkatera pansaluyo. Wamkuluyo ankagwira imodzi, kuikhudza pamsana ndi kaudzu koviika m'kabotolo ka utoto, n'kuitaya m'mwamba.

Ndinatula nkhuni pansi n'kufunsa.

"Bambo, mwagwira kale, bwanji osapha?"

"Tikufuna tidziwe komwe zimafika, mayi. Yakufa siyenda."

"Nanga zikafika kukhola kwathu?"

Anandiyang'ana. M'maso mwake munali mofiira, zikope zikugwa ngati munthu wosagona.

"Zikafika mudzatiuze," anatero, n'kupitirira.

Mvula itayamba, ng'ombe yathu yakuda inasiya kudya. Inkaima pamalo amodzi, mutu pansi, misozi ikutsika, ubweya uli nyankhalala. Itafa palibe anabwera ndi mpeni kapena mbale. Tinaikwirira yathunthu kudambo, ndipo agalu omwe sanakafukule.

Patapita mwezi, mnzake wa bambo uja anafika yekha pakhomo, nsalu ija ataipinda kukhwapa. Anafuna kudziwa tsiku lomwe ng'ombe inayamba kudwala. Ndinamufunsa za wamkulu uja.

"Ali kuchipatala. Nayenso kashembe anamuluma. Amangogona, ngakhale pakati pa chakudya."

Amuna anga anamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Atachoka, tinatenga ng'ombe yotsalayo n'kukaisiya kwa achimwene anga ku Dowa, ulendo wa masiku awiri wapansi.