Zikhomo za Pakhonde Lathu

Pasukulu pathu palibe munthu amene ndakangana naye kuposa a Chikhomo. Ine ndine wa mu ofesi yolandirira alendo. Iwo ndi okonza zowonongeka: mpope ukamadontha, mpando ukathyoka mwendo, babu likapsa, timangokuwa dzina lawo. Dzinalo anawapatsa ndi ana, chifukwa cha zomwe amachita pakhonde lalitali lopita ku makalasi.

Sukulu yathu ndi yaing'ono, ya ana a anthu ochokera kumayiko ena amene amabwera kudzagwira ntchito. Nthawi yopuma ikakwana, pabwalo pamamveka zinenero zoti ungagwire mutu. Wina akulira m'chakwawo, mnzake akumutonthoza m'chakwawo, koma akumvana bwinobwino. Chopweteka n'chakuti ana athu sakhalitsa. Ukangoyamba kumuzolowera mwana, wamva kuti makolo ake awasamutsa.

Mwana watsopano akafika, a Chikhomo amamuimika kukhoma, n'kuona pamene pafika phewa lake, n'kukhomapo chikhomo chamtengo chokolowekapo chikwama. Pansi pake amalemba dzina ndi penti, m'zilembo za kwawo kwa mwanayo, ngakhale zikhale zopindikapindika zija zoyambira kumanja. Amakopera pang'onopang'ono, lilime lili panja. Zonsezo ndinalibe nazo mlandu. Chomwe chinkandipsetsa mtima n'chakuti mwana akachoka, iwo sazula.

"Taonani khomali, langokhala ngati msana wa nungu!" ndinkawauza. "Makolo akabwera kudzaona sukulu aziti chiyani?"

"Aziti muno muli anthu, mayi."

"Anthu ake ati? Mwini wa ichi panopa ali ndi ndevu!"

"Ndevu sizilanda munthu malo ake."

Mkuluyu ndi wamakani, ndikukuuzani. Koma tsiku lina tikumwa tiyi anandiuza pomwe zinachokera. Ali mnyamata ankagwira ntchito yomanga kutali ndi kwawo, akugona m'chipinda cha anthu ambirimbiri. Zake zonse zinkakhala pa msomali umodzi pamwamba pa bedi. Atadwala n'kugonekedwa m'chipatala, pobwerako anapeza pabedi pagona wina, msomali wazulidwa, bowo lamatidwa. "Katundu anandisungira, sindinataye kanthu," anatero. "Koma nditayang'ana khoma lija ndinaona ngati sindinakhalepo n'komwe." Ndinawamvera chisoni, inde, komabe alendo ndinkawadutsitsa njira ya ku laibulale kuti asaone khondelo.

Ndiye kunabwera mayi wina, injiniya wa milatho, ndi kamtsikana kake ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Anali atayendera kale sukulu yaikulu ya kutsidya kwa tauni, ya dziwe losambira ndi mabasi akeake, ndipo ankafuna kusankha sabata yomweyo. Mwanayo anali atabereka chikwama chofiira. Nditamuuza kuti achisiye mu ofesi, anagwira malamba ndi manja onse awiri n'kubwerera m'mbuyo.

"Musamukakamize," anatero mayi ake motsitsa mawu. "Lino ndi dziko lake lachitatu. Chichokereni komwe tinali, sachivula. Amadya nacho, pogona amachikumbatira, posamba imakhala nkhondo. Muli mswachi, chidole ndi zovala zosinthira. Akuti akhale wokonzeka kusamukanso." Anapukuta m'maso msangamsanga. "Ine za dziwe losambira ndilibe nazo ntchito, mayi. Ndikungofuna poti mwanayu atule."

Mtima wanga unawawa, koma ntchito ndi ntchito. Ndinawatsogolera njira yanga ija ya ku laibulale. Potembenuka ndinangoona mwana palibe. Anali atakhotera kukhonde, ataima pakati pa zikhomo, chala chili pa dzina lina lofwifwa lolembedwa m'zilembo za kwawo. Chapafupi a Chikhomo anali pamakwerero akusintha babu.

Mwanayo ananong'oneza mayi ake, mayiwo n'kumasulira. "Akufunsa kuti mwini dzinali ali kalasi iti."

Ine ndinali ndikufunafuna yankho lokoma, koma a Chikhomo anandidula. "Ameneyo anachoka kalekale, mwanangu. Ankakonda kuluma mapensulo."

Mwanayo ananong'onezanso. "Akuti nanga chikhomo chake chikutani pano?"

"N'chake. Ndingachipatse ndani?"

Mwanayo anayang'ana khonde lonse, kuyambira kuno mpaka kumapeto, zikhomo zazitali ndi zazifupi, zina zili ndi zikwama, zambiri zilibe. Kenako anafunsa kachitatu, ulendo uno akuwayang'ana a Chikhomo m'maso. Mayi ake anamasulira. "Akuti iyeyo akadzachoka, chake mudzazula?"

A Chikhomo anatsika pamakwerero, nagwada, maondo akulira ngati chitseko chakale. Anamuimika kukhoma pampata wina wopapatiza, n'kuika chala pamwamba pa phewa lake. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa chikhomo chatsopano ndi hamala.

"Abambo inu!" ndinawanong'oneza. "Anthuwa sanalembetse!"

"Chikhomo sichidikira zimenezo, mayi. Ngakhale apite kwina, pano wafikapo."

Anakhoma, nachigwedeza mwamphamvu kuti mwanayo aone kuti sichisuntha. Kenako anamupatsa pensulo kuti alembe dzina lake pakhoma, iwo adzadutsitsemo penti. Pakhoma la sukulu, ine ndili pomwepo!

Atamaliza kulemba, mwanayo anaima nthawi yaitali, manja ali pa malamba. Belu linalira, ana anatuluka m'makalasi ndi phokoso lawo losakanikirana lija, akumulambalala uku ndi uku. Palibe amene anamufulumizitsa. Kenako anatsitsa lamba limodzi, n'kutsitsa linalo, nanyamula chikwamacho ndi manja awiri, n'kuchikoloweka. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone ngati chigwe. Sichinagwe.

Kumsana kwa diresi lake kunali konyowa ndi thukuta, ndendende pomwe pankakhala chikwama. Mayi ake anaika chikhatho pamenepo, nachisiya pompo, misozi ili chuchuchu.

"Ndinali nditaiwala," anatero, "kuti kamsana ka mwana wanga n'kakang'ono chonchi."