Mafunso Amene Amayi Anafunsidwa ku Tsangano

Anthu a mfuti atafika kwathu ku Ntengo-Wambalame, anatenga amayi ndi achimwene anga kuti akawasenzere katundu kuthengo. Amayi anabwerako okha mvula itatha, mapazi atang'ambikang'ambika.

Sanafotokoze kanthu, ifenso tinkaopa kufunsa. Ankangodandaula mutu ndi kuthamanga kwa mtima. Mbale ikagwa pansi, ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Kachewere wathu anaolera m'munda chifukwa amayi ankakana kudutsa njira ya kudambo.

Ndinawaperekeza ku posito, kachipatala ka ku Tsangano, ndili mtsikana wosakwatiwa. Tinaima pa bisha, mzere wa odwala, mpaka dzuwa kufika pamutu. Anamwino anali mayi wochokera ku Tete, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chipwitikizi. Atawagwira pamphumi, anakoka banku n'kukhala nawo pafupi.

"Amayi, mumagona bwino?"

"Ndimangochezera kutembenuka."

"Mukamva phokoso mumadzidzimuka?"

"Kwambiri."

"Nanga zimene munaona uko, zimakubwererani ngakhale masana?"

Amayi anandiyang'ana, kenaka anazyolika. "Mwana wanga anatopa ndi thumba la chimanga, n'kukhala pansi. Ine anthu a mfuti aja anandiuza kuti ndisacheuke. Sindinacheuke. Ndinangomva kugunda. Lero wina akamasinja, ndimamva komweko."

Umu ndi mmene ndinamvera za imfa ya achimwene, nditanyamula mpango wa amayi m'manja.

"Mumadziona ngati wolakwa ndinu?" anafunsanso anamwino.

"Nanga wina ndani, senyora? Amake si ndine?"

Anamwino anati, "Awa si malungo ayi. Ndi bala la mumtima. Ambiri ali panjawa ali nalo. Ndimawafunsa, amandiyankha, koma mankhwala ake ndilibe." Anatikulungira asipirina m'kapepala, nati tizibwera tsiku la msika kudzangocheza nawo.

Tinapitako kangapo. Pobwerera amayi ankalira njira yonse, koma akafika ankadyako pang'ono. Kenaka posito ija inatenthedwa. Za anamwinowo ena ankati anathawa, ena ankati anatengedwa.

Ifenso tinawolokera ku Ntcheu. Kuchipatala cha kumsasa wa othawa nkhondo odwala anali ochuluka zedi, ndipo aliyense wodandaula mutu ankapatsidwa mankhwala a malungo. Amayi anasiya kulankhula, kenaka anasiya kudya. Anamwalira mtendere usanabwere. Tinawaika m'manda a eni dera, kumapeto kwenikweni, kumene kunali miyala yambiri. Amuna okumba anali ochepa, moti dzenje silinazame.