Kachitseko ka m'Chidendene

Pamsika, dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Chidendene, ndipo iwo ankavomera. Anali munthu wamfupi wa timaso tosakhazikika, woti ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kumapazi kwako, kuyankha pambuyo. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, konunkha guluu ndi polishi, ndipo munthu wamtali akalowamo ankagunda mutu ku nsapato zopachikidwa kudenga.

Chimene chinawatchukitsa ndi nsapato ya kachitseko. Kumbuyo kwa chidendene cha nsapato ankasiya kamphako kotseka ndi kasikulu, ndipo m'kamphakomo munkalowa kamtsamiro. Panali tofewa ta siponji ta anthu oima tsiku lonse, tolimba ta labala ya tayala ta oyenda m'miyala, ndi tapakatikati todula ku chubu. Munthu ankangomasula kasikulu ndi nsonga ya mpeni, kuchotsa kena, kulowetsa kena, n'kumapita. Anamwino, alonda ndi aphunzitsi ankauzana okha, mpaka a Chidendene anasiya kusoka zigamba za anthu.

Koma luso limeneli linabwera ndi matenda ake. Kachitseko aliyense ankakaona. Chinsinsi chinali mkati, mmene ankamangira mphakoyo kuti chidendene chisaphwanyike munthu wonenepa akachiponda, ndipo kuti uchione unkayenera kusomola nsapato yonse. Ndiye a Chidendene ankagwira mbali imeneyo atatembenukira kukhoma. Zodukaduka sankataya m'bini, ankazinyamula m'thumba kukaotcha kunyumba. Kasitomala akafunsa mafunso ambiri ndiye kuti watumidwa. Akadandaula kuti nsapato ikumupweteka, ndiye kuti watumidwa ndithu.

"Nsapato yanga sipweteka munthu," ankatero osadzutsa mutu. "Ndi mayendedwe anuwo."

Wotuma anthuyo, m'mutu mwawo, anali mmodzi yekha: a Magalasi, amene ankasoka nsapato kuseri kwa depoti ya minibasi. Awiriwa anaphunzira ntchito pa benchi imodzi ali anyamata, n'kudzasiyana pa nkhani yoti ngakhale iwo eni sankaikumbukanso bwinobwino. Zoti a Magalasi atafuna akanangotuma mlamu wawo kudzagula peyala imodzi n'kuing'amba, a Chidendene sankaziganiza. Iwo ankadikira wakuba wobwera mozemba, ndipo munthu wodikira wakuba sachedwa kumupeza.

Peyala yoyamba ya kachitseko anasokera mkazi wawo. Mayiyo ankasita zovala ku hotela, chiimire kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo anali wosayankhulayankhula. A Chidendene ankamukonda m'njira yawoyawo. Sanamugulirepo duwa, koma Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pakhonde n'kumupolishira nsapato mpaka kuwala.

Ndi pa Loweruka lotero pamene burashi inaima m'manja mwawo. Nsapato yakumanzere inali itasokedwanso m'mbali mwa chidendene. Ulusi unali wakuda ngati wawo, koma msoko wake unkapendekera chakumbuyo, msoko wa munthu wamanzere. Anaudziwa monga mmene umadziwira chifuwa cha munthu wa m'nyumba mwako. A Magalasi anali atasomola nsapato imeneyi, kuona zamkati, n'kuisokanso mwaukatswiri kuti mwiniwake asazindikire.

M'khitchini mkazi wawo ankatsuka mbale akung'ung'udza kanyimbo, ndipo kanyimboko kanawapsetsa mtima kuposa msokowo. Anamaliza kupolisha, n'kuika nsapatozo pamalo pake.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chinayamba kukhala umboni. Mayiyo masiku amenewo ankafika mochedwerapo. Akafika ankathamangira kubafa ndi beseni la madzi otentha n'kudzitsekera. Tsiku lina anafunsa kuti, "Kodi siponji ija mumagula kuti?" ndipo a Chidendene anangoti hmm, mumtima akuti wakupatsanso homuweki eti. Usiku ankagona chagada akuwerenga malata, akudzifunsa ngati wagulitsa luso lokha kapena pali zinanso zimene wapereka. Funso lachiwirilo ankalikankha, koma linkabwerera lokha.

Wometa ndiye anathira mafuta pamoto, osadziwa. Akusesa tsitsi pakhomo anangoti, "Alamu ndinawaona dzana kwa a Magalasi. Kani munagwirizana tsopano? Zili bwino, ukalamba si wosungira mangawa."

"Tinagwirizana," anayankha a Chidendene.

Masana amenewo anatseka shopu, kasitomala ali panja pa benchi ndi nsapato imodzi m'manja, n'kukabisala kuseri kwa thiraki yoima moyang'anana ndi geti la antchito a hotela. Munthu wamkulu ndi imvi zake, atanyonyomala pambali pa tayala. Mayiyo atatuluka sanalowere kokwerera minibasi zakwawo. Anakhotera kumanja, njira ya kudepoti, ndipo a Chidendene anamulondola chapatali.

Anali asanayendepo kumbuyo kwa mkazi wawo. Nthawi zonse iwo ndiwo ankatsogola, mayiyo pambuyo ndi chikwama. Tsopano anaona kuti phazi lakumanzere akuliponda chammbali, mosamala, ndipo akafika pa mwala akuima kaye. Anapukusa mutu. Taonani zimene wamanzere uja wachita ndi nsapato yanga, anatero mumtima, waiwononga mpaka munthu akutsimphina.

Kwa a Magalasi kunalibe chitseko, kunali lona yomangidwa ku mitengo ndi tebulo lodzaza zidendene zakale. A Chidendene anamupeza mkazi wawo atakhala pa kreti, phazi lili pa bondo la mdani wawo, nsapato ya kachitseko ili chotsegula patebulo. Anailanda ngati mphamba.

"Wakupatsa zingati?" a Chidendene anafunsa mkazi wawo. "Zaka zonsezi ndikubisa chinthu ichi, osadziwa kuti wakuba ndikugona naye chipinda chimodzi."

Anthu odikira minibasi anatembenuka. Mayiyo sanadzidzimuke, sanachotsenso phazi pa bondo paja. Anangowayang'ana ndi maso otopa.

A Magalasi anakankhira magalasi awo m'mwamba. "Khala pansi, mnzanga, usadzichititse manyazi. Chinsinsi chako ndachiona, ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki. Ndi nzeru yabwino, sindikana, koma ine makasitomala anga ndi a zigamba. Tatsegula dzanja."

Anawaikira m'manja kamtsamiro kamene kanali m'nsapatomo. Sikanali kawo. Kanali kokhuthala, kobooledwa pakati ngati mphete.

"Pansi pa chidendene cha alamu pamera kafupa," anatero a Magalasi. "Kuchipatala anawajambula. Kako kaja n'kofewa, inde, koma kamakanikiza pomwepo. Pamafunika bowo kuti kafupako kazilendewera, ndipo mphako yako inali yaing'ono, n'chifukwa chake ndinasomola."

"Bwanji osandiuza ine?" A Chidendene anafunsa mkazi wawo, koma mawu anali atatsika kale.

"Ndinakuuzani, bambo. Nthawi ya mvula ija ndinakuuzani, munati ndikuponda molakwika. Ndinakuuzaninso, munanditambasulira kasiponji kena muli chiyang'anire kukhoma. Nditabwera ndi chithunzi cha kuchipatala munati madokotala sadziwa nsapato. Kuntchito anandichenjeza kuti ndikapitiriza kukhala pansi nthawi ya ntchito andichotsa. Ndikanapita kuti? Kuno ndimabwera ngati wakuba, zoona, chifukwa kwanu kulibe kodandaulira."

Zonse anazikumbukira, mpaka tsiku la chithunzilo. Anali atachiyang'ana mozondotsa n'kuchibweza. Manyazi anawagwira, oposa a pamaso pa anthu oonerera aja, manyazi a munthu amene amadziwa phazi la mlonda aliyense m'tauni koma la m'nyumba mwake ayi. Anayang'ana chidendene cha mkazi wawo. Chinali chotupa, chofiirira, chonyezimira ndi mafuta opaka.

Anagwada pafumbi pomwepo, n'kutulutsa tepi yoyezera m'thumba la malaya.

"Bweretsa phazilo, mayi. Ndikusokera ina, ya bowo lake, mawa lomweli ikhala itatha."

Mayiyo anatsitsa phazi pa bondo la a Magalasi, koma sanalipereke. Analibweza pansi pa kreti, n'kutambasula dzanja kuti amupatse nsapato yake.

"Andiyeza kale," anatero. "Inu kazipitani, muyenera kuti mwasiya kasitomala pa benchi."