Thadzi Limene Chitopa Chinasiya

Fungo la nthenga zowauka limandibwezera ku Kalindawalo, chilimwe cha chitopa, m'zaka za Chitaganya. Atate anali ku ntchito ku Halale. Nkhuku zinkasinza mumthunzi wa nkhokwe, mapiko ali gwede, kukacha n'kupezeka zauma. Pakhomo pathu panatsala thadzi limodzi lamawanga, langa, limene ndinalilera ndi chiswe ndi gaga. Anthu onena kuti nkhuku yakumudzi imadzilera yokha amandikwiyitsa. Sanafukulepo chulu dzuwa likuswa mtengo. Thadzilo linkafungatira mazira mumphika wosweka kuseri kwa chitseko, ndipo tonse tinkadziwa kuti khola lathu lidzauka ndi mazira amenewo.

Tsiku lina masana anatulukira aTembo, akulu awo a atate, pa njinga kuchokera ku Ndake, fumbi mpaka m'nsidze. Kwathu mlendo wotere sankadya masamba. Nkhuku ankayamba waiona yamoyo, n'kuigwira ndi manja ake, kenako mpeni. Amai anandiuza kuti ndikatenge thadzi lija. Ndinalinyamula likujompha dzanja langa, ndinagwada, misozi ikugwera pa nthenga.

"Alamu, ndiwo zanu izo," anatero amai, maso ali pansi.

ATembo analitembenuza, napisa chala pachifuwa pake pothothoka ndi potentha. Anandiyang'ana.

"Iwe, ulila maliro a nkhuku ikali moyo? Mulamu, nkhuku yanga nalandila. Koma mano yanga yafuna zofewa lelo. Munisungile, ibeleke."

Anadya mfutso wotendera mpaka kupukuta mbale. Ine ndinathamanga kukalibwezera pa mazira asanazizire. Anapiye anaswa mvula yoyamba isanagwe, ndipo pofika masika pabwalo panali piyepiye.

Chimene sindinachimeze n'chakuti kuyambira tsikulo aliyense ankati "nkhuku za aTembo." Ndimasunga pepala lililonse, ngakhale khadi la ubatizo, koma palibe lonena kuti thadzilo linali langa. Linali langa ndithu.

Pa ubwana ndinkaona kuti amai anandipereka, aTembo n'kundilanda. Lero ndimadziwa kuti amai sakanatha kubisa nkhuku pamaso pa mlamu wawo, ndipo sakanathanso kuipha. Anatuma mwana wolira, atanyamula thadzi lotentha pachifuwa, kwa munthu amene nayenso ankaweta nkhuku.