Msuzi wa Nyemba mu Gambutsi

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Amuna anga, bambo a Dalitso, anatsika basi pa Biriwiri m'mwezi wa Julayi akuchokera ku Joni, phazi lamanja lili mu nsapato, lamanzere lili mu gambutsi yong'amba pakamwa. Ankatsimphina. Nditafunsa anati anabinya phazi pokwera basi. Anagona ndi sokosi, ndipo ine sindinaumirire, poti munthu wochokera kutali sumuyamba ndi mafunso. M'mawa mwake ntchentche zinandiyankha.

Anakhala zaka zingapo ku Kepu, ku Joni komweko, akuphikira asodzi m'boti laling'ono pa nyanja ya mchere. Kuno kwathu kulibe ndi dziwe lomwe loti munthu n'kuphunzirapo kusambira, koma umphawi susankha ntchito. Nkhani ya phazi inatuluka pang'onopang'ono, ndikuchita kukoka.

M'botimo, akuti, khitchini ndi yochepa ngati bafa la udzu. Sitovu ya gasi ili ndi zitsulo zopanira poto kuti asagwe boti likamapendama. Mwini boti anawauza malamulo ake: poto asadzaze kupitirira theka, chivundikiro chimangidwe, ndipo mafunde akakula moto uzimitsidwe, anthu adye buledi. Zopana poto ankatsata ndithu. Koma za theka zija sizinkawalowa m'mutu. Kuno ukamaphikira anthu amene abwera kudzakuthandiza kukumba mbatatesi, poto wa theka ndi chipongwe, ndipo amakanena m'mudzi monse kuti pakhomo paja mpoumira. Choncho tsiku lina kukuzizira anadzaza poto wa nyemba mpaka pakhosi kuti anzawo akhute. Funde linamenya boti cham'mbali. Poto sanagwe, koma msuzi wowira unakhavukira pamwendo n'kutsikira mu gambutsi. Anayamba azimitsa kaye gasi, ndipo apo anachita bwino. Povula gambutsi ija, khungu linatsalira ku sokosi.

Kenako anachita zimene mayi awo ankachita mwana akapsa. Anaswa dzira laliwisi n'kupaka, pamwamba anathira mafuta ophikira, n'kumanga ndi chigamba. Anavalanso gambutsi, chifukwa boti linali kutali ndi mtunda ndipo anthu ankafuna kudya. Atafika kumtunda sanapite kuchipatala. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali atatha ndipo ankaopa mafunso. Phazi litakana kulowa mu nsapato, anakwera basi yobwera kumudzi.

Nditamasula chigamba chija ndinapeza phazi litatupa mpaka pa katumba. Bala linali ndi mafinya, ndipo chala chachikulu ndi chinzake choyandikana nacho zinali zitada bii. Thupi linali lotentha, akunjenjemera, chakudya chikukana. Iwo anati tidikire Lolemba. Ine ndinaitana wa njinga yamoto.

Pa chipatala chaching'ono cha kwathu namwino anangoyang'ana kamodzi, anawabaya jakisoni n'kutitumiza ku chipatala chachikulu ku boma tsiku lomwelo. Kumeneko dokotala anatenga cholembera n'kujambula mzere pa katumba, pamene kufiira kunalekezera.

"Mayi, matenda alowa mkati," anatero. "Tiwapatsa mankhwala, tichotsanso mnofu wakufa. Kufiiraku kukadutsa mzerewu, mwendo tidula pansi pa bondo."

Munda wathu uli paphiri, ndipo munthu wa mwendo umodzi sakwera kumeneko ndi thumba la feteleza. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinapsanso mtima, koma wodwala sumukalipira, ndiye ndinangotenga beseni n'kukachapa.

Moyo wa mu wodi ya amuna ndi wodikira. M'mawa oyeretsa amatulutsa magadiyani onse, ife osamalira odwala, ndipo tinkakhala pakhonde titafunda zitenje mpaka madokotala atamaliza kuyendera mabedi. Akatilola kulowa, ndinkayamba ndayang'ana mzere uja, moni pambuyo. Mankhwala ankalowa kudzera mu diripi. Bala ankalitsuka tsiku lililonse, ndipo nthawi imeneyo bambo a Dalitso ankaluma pilo kuti amuna anzawo asamve. Ankadzivutitsa chabe, poti aliyense m'menemo ankalira nthawi yake ikakwana. Ine ndinkaphika phala ku khitchini ya magadiyani, kudikira pamzere wa madzi, n'kugona pachitenje m'mbali mwa bedi. Kumudzi mbatatesi anakumba ndi alamu anga.

Masiku oyamba kufiira kunakwera mpaka kukhudza mzere. Anatiuza kuti bambo a Dalitso asadye kanthu chifukwa akupita ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni, koma kunabwera anthu ovulala pa ngozi ya pamsewu ndipo ife tinadikira mpaka tsiku lotsatira. Atalowa, madokotala anachotsa mnofu wakufa pamodzi ndi zala ziwiri zija. Nditawauza atatsitsimuka, anangotembenukira kukhoma.

Pambuyo pake kutentha thupi kunayamba kutsika. Kufiira kunaima pamzere, kenako kunabwerera m'munsi pang'onopang'ono. M'mawa wina dokotala anakanikiza katumba ndi chala n'kunena kuti mwendo wapulumuka. Tsiku limenelo ndinadya n'kukhuta.

Bala litayera, anachotsa khungu pantchafu n'kulimata pamwamba pa phazi. Namwino wina wachikulire, amene ankamanga bandeji, ndiye anatiphunzitsa zimene sitinkadziwa.

"Dzira ndi la m'chiwaya, bambo," anatero. "Munthu akapsa, vulani chovalacho msanga chisanamatirire, thirani madzi oyera ozizira kwa nthawi yaitali, phimbani ndi nsalu yoyera, bwerani kuno. Bala ili, tsiku loyamba, linali la bandeji chabe."

Tinatuluka mitengo itayamba kuphuka masamba. Kunyumba anayamba ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi, ndipo mvula yoyamba inawapeza akuyenda okha. Mwezi uliwonse tinkabwerera kuti akaone khungu lija, mpaka anatiuza kuti basi.

Lero ali bwino. Amadya, amalima, kumunda amakwera ngakhale amafika ine nditapalira kale mizere ingapo. Kukazizira phazi limawawa, ndipo kutsogolo kwa nsapato amaika thonje. Kwa nthawi yaitali ankanenabe zobwerera ku Kepu. Tsiku lina tinakwera galimoto ya matola popita kumsika, malo okhala atatha, iwo n'kuimirira kumbuyo. Galimoto itangokhota pang'ono anagwera pa matumba a kabichi. Anthu anaseka, nawonso anaseka. Koma munthu wolephera kuima pa galimoto sangaime m'boti atanyamula poto, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani ya ku Kepu sanaitchulenso.

Kwa amene muli ndi abale ophika m'maboti, auzeni amvere malamulo a m'menemo ngakhale akusemphana ndi za kwathu kuno. Kuphika nyemba kawiri sikunaphepo munthu. Ndipo wina akapsa, kaya panyanja kaya pakhomo, musapake kanthu, musabise bala, musadikire Lolemba. Pitani kuchipatala likadali laliwisi. Ife tinapita mochedwa. Mwendo tinabwerera nawo, koma zala ziwiri zinatsala ku boma, ndipo ntchito imene inkaphunzitsa Dalitso sukulu inatsala nazo komweko.