Tambala wa pa Mpichesi

Fungo la udzu wopsa ndi nthenga zowauka likangondipeza, ndimaona agogo aamuna, bambo a mayi anga, atagwada kuseri kwa nyumba kumudzi kwathu kufupi ndi Fonte Boa, akuwotcha zisa zakale za nkhuku kuti utitiri ufe, utsi ukuyenda pansipansi chifukwa cha nkhungu ya m'mawa, iwo akutsokomola koma osasuntha. Akamaliza ankawaza phulusa m'khola lonse, n'kuyala udzu watsopano, kenako n'kupita kuchulu kukavundukula mphika wa ndowe ndi mapesi umene ankakopera chiswe cha anapiye. Amuna anzawo ankawaseka kuti imeneyo ndi ntchito ya akazi ndi ana. Iwo ankangopukusa mutu n'kumapitiriza.

Nkhukuzo zinali za kameta, zija zopanda nthenga m'khosi, zonyansa ndithu pozionera patali. Koma agogo aakazi, a Nankhoma, ndiwo anazisiya pomwalira, ndipo nawonso mbewuyo anailandira kwa amayi awo. Agogo aamuna sankazisakaniza ndi mtundu wina. Ankadziwa thadzi lililonse kuti make ndi uti, ankasankha okha mazira oti afungatiridwe n'kuwalemba ndi khala, ndipo ana tikayamikira tambala wokongola ankati, "Usayang'ane nthenga, Filomena. Tayang'ana zitosi zake, uone ngati ali bwino."

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi. Nkhuku yachilendo, kaya yachokera kwa ndani, inkamangidwa mwendo pa mpichesi wa kumunsi, pafupi ndi dimba, kutali ndi bwalo. Inkakhala pamenepo milungu iwiri, ndi phale lake la madzi, mpaka aone kuti ilibe chitopa, matenda aja opululutsa nkhuku nyengo yotentha.

Ndinali ndi zaka khumi, nkhondo ya azungu itatha kale, pamene amalume anandigulira tambala kumsika wa ku Domwe, chifukwa apulofesolo, aphunzitsi athu, anandiyamikira kuti ndayamba kuwerenga Chipwitikizi bwino. Abale, tambala ameneyo! Wofiira piriwiri, lipombo lake ngati chikhatho changa, mchira wakuda wonyezimira. Chinali chinthu choyamba kutchedwa changa. Agogo anamunyamula, kumutsegula kukamwa, kumununkhiza, n'kunena kuti, "Ngwabwino. Koma kumpichesi."

"Agogo, sakudwalatu ameneyu," ndinatero ine.

"Ngati sakudwala, milungu iwiri simupha," anayankha, akumanga kale luzi.

Ndisaname, ndinali mwana wamakani. Zinkandiwawa kuona tambala wanga akuzungulira mtengo yekhayekha pamene tizikameta tija tikuyenda mwamatama pabwalo. Ndinkafunanso anapiye akuluakulu ofiira, anzanga akusukulu adzaone. Tsiku lachitatu agogo anapita kumaliro ku Lifidzi, amayi ali kutali kumapeto kwa dimba kothirira mbatata ya kachewere. Dzuwa lili paliwombo ndinamasula luzi, ndinamunyamula tambala uja n'kumutula pakati pa bwalo. Ndinawaza gaga. Anadya ndi anzake, anamwa m'phale lawo, anathamangitsa mathadzi awiri, ine ndikuomba m'manja ngati chitsiru. Mthunzi usanatalike ndinamubwezera pamtengo, ndipo ndinamanga mfundo monga momwe agogo ankamangira.

Patapita masiku awiri tambala analeka kulira. Anaima chogwetsa mapiko, akuwodzera, zija kwathu timati nkhuku yavala kazako, ndiye kuti jekete. Zitosi zinali zobiriwira. M'mawa mwake tinamupeza atauma. Agogo anamukwirira okha kutsidya kwa dimba, anasamba m'manja ndi phulusa, ndipo pobwera anandipeza ndikulira pakhonde.

"Pepa mdzukulu," anatero, akundigwira pamutu. "Koma wachita bwino kundimvera. Akanafika pabwalo pano tikanalira tonse. Thadzi lija likufungatiralo likaswa, usankhe msoti ukhale wako."

Pamenepo ndi pamene ndikanalankhula. Akanadziwa tsiku lomwelo, bwenzi atapatula thadzi lofungatiralo n'kupita nalo kutali, mwina mbewu ikanatsala. Koma dzanja lawo linali pamutu panga, ndipo ndinakonda kutchedwa mwana womvera. Ndinangoti, "Zikomo agogo."

Mlungu usanathe, msoti umodzi unayamba kuwodzera pansi pa nkhokwe. Agogo anauyang'anitsitsa. Anasinja tsabola ndi makungwa owawa n'kuthira m'madzi, anagwira nkhuku zonse imodziimodzi kuzimwetsa ndi nthenga, anasesa bwalo, anawotcha udzu. Sizinathandize. M'mawa uliwonse ankakwera makwerero a khola n'kutsika ndi ziwiri, nthawi zina zinayi, zina makosi atapindikira kumsana, ndipo bwalo limene linkadzutsa anthu ndi phokoso linangoti zii, kumangomveka akhwangwala m'mitengo. Chitopa chinalumphira kwa anansi. Mayi wina woyandikana nafe anaima pampanda n'kukuwa kuti, "Inu odziwa nkhuku inu, ndi zimenezi? Mwatimalizira ziweto!" Agogo anavula chipewa n'kupepesa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti sanandikayikire ngakhale kamodzi. Ankadzifunsa okha. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi, atatambasula manja awo patsogolo: "Ndi manja angawa. Ndinagwira tambala uja, kenako ndinakagwira phale la madzi. Ndakalamba, sindinasambe bwino. Amako anasunga nkhukuzi zaka zonsezi, ine ndazitha ndi manja anga." Ine ndinali pomwepo ndikusenda nyemba, ndipo sindinadzutse mutu.

Lomaliza kufa linali thadzi lofungatira lija. Linafera pamazira, atatsala masiku ochepa kuti aswe. M'mudzi monse munalibe thadzi loti n'kubwereka, ndipo a m'midzi ina sakanalola mazira ochokera kwathu. Agogo anawaika m'dengu la gaga, kuwafunditsa ndi bulangeti lawo lokhalo, n'kuika pafupi ndi mafuwa. Ankawatembenuza m'mawa ndi masana, kuwaika pakhutu kumvetsera. Anadikira mlungu wathunthu kupitirira tsiku lake. Dzira lina litaphulika fungo lili guu, anatenga dengu lonse n'kupita nalo kutsidya kwa dimba, ndipo anakana kuti wina awaperekeze.

Mvula itagwa amalume anafuna kuwagulira misoti ina. Agogo anati, "Mupatse mwanayu, ine basi." Khola anaphwasula, mitengo yake tinasonkhera moto. Kuyambira pamenepo ankadzuka mochedwa, n'kukhala pakhonde osadziwa chochita ndi manja. Ankandikondabe, ndipo zimenezo ndiye zinkandipsetsa mtima. Ankandisungira mapichesi, ankandifunsa za sukulu, ine n'kumawazemba, kupereka moni mwachangu n'kuthawira kwa anzanga. Anafunsa amayi kuti, "Kodi Filomena ndinamulakwira chiyani? Kapena akadali ndi mkwiyo wa msoti uja ndinamulonjeza?" Ndinkati ndiwauza mawa, ndiwauza tikakolola, ndiwauza ndikakula pang'ono. Anamwalira patapita zaka ziwiri, nthawi yozizira, ine ndili kusukulu.

Ndinakaulula kwa apadiri chaka chomwecho, ndikulira mpaka kulephera kumaliza mawu. Anandimvetsera, anati unali ubwana, anandipatsa mapemphero atatu okha, ndipo ndinawanena onse ndisanatuluke m'tchalitchi. Lero ndakalamba kuposa momwe agogo analili, ndaweta nkhuku zosawerengeka, ndaika mwamuna ndi ana awiri, ndipo zambiri zowawa zinapola. Koma ichi ayi. Mulungu ndikhulupirira anandikhululukira kalekale. Agogo okha ndiwo sanapatsidwe mpata woti andikhululukire, ndipo anapita kumanda akudzida chifukwa cha mlandu wanga.