Bokosi la Penti M'chitenje cha Achemwali

Linali Loweruka masana. Ndinali pakhomo pa chisakasa chathu paphiri la ku Hout Bay, ku Cape Town, ndikujambula boti lofiira pa thabwa limene ndinatola kudoko. Achemwali anga a Esinati ankayanika zovala. Kamphepo kakunyanja kankandiumitsira penti msanga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anzanga ochokera kwathu ku Mulanje ankalawirira kukatchetcha kapinga m'nyumba za azungu. Ine ndinkatsala n'kumajambula. Achemwali ndiwo ankatsuka mbale ndi kukolopa kwa abwana awo, madzulo n'kubwera ndi tizitini ta penti wotsala m'chikwama. Maburashi anandigulira okha. Amayi akaimba foni kuchokera kumudzi, achemwali ankawauza kuti ndimagwira ntchito ya m'galadeni. Amalawi anzathu ankati akulera mlesi. Iwo ankangoyankha kuti, "Ndimamudyetsa ndine, inu chikukuwawani n'chiyani?"

Phokoso linayambira kumunsi, kumene kunali timagolosale ta Asomali. Poyamba ndinayesa anthu akuchemerera mpira. Kenako utsi wakuda wa matayala unakwera.

Mayi wina wa Chikhosa, amene tinkatunga naye madzi pampopi umodzi, anafika ali wefuwefu. Anati anyamata a zikwanje akuyenda khomo ndi khomo kusaka alendo. Anatiuza kuti tidzere kuseri, titsikire kutchalitchi cha m'tauni, tisanyamule kanthu, ndipo m'njira tisatsegule pakamwa. Anayang'ana jinzi imene achemwali anavala n'kugwedeza mutu kuti ili bwino. Ku Cape Town chitenje chimakhala pansi pa sutikesi chifukwa chimaulula kuti ndiwe mlendo, aliyense amadziwa zimenezo.

Tinatuluka chimanjamanja. Nyemba zinatsala zikubwata pa sitovu.

Titafika pa zimbudzi, achemwali anayang'ana manja anga. Anafunsa kumene kunali bokosi la penti ndi maburashi. Ndinati lisiyeni. Anandikankhira kuseri kwa thanki ya madzi n'kubwerera.

Ndinaona bambo wina akuthamanga atanyamula wailesi, nsapato imodzi ili kuphazi. Mbuzi yomangirira inkazungulira pa chingwe chake.

Achemwali anatulukira atasenza mtolo pamutu. Chivundikiro cha bokosi lija chinali chothyoka, ndiye analimanga m'chitenje. Kwathu chinthu chimene umachikonda sumayenda nacho poyera, umachikulunga m'nsalu, kaya ndi mwana, kaya ndi ufa wa pamaliro. Manja awo anangochita zimene anazolowera. Chitenjecho chinali chachikasu, chokhala ndi nkhanga, ndipo chinkaonekera patali.

Pamphambano yakumunsi panali anyamata. Mmodzi analoza mtolowo. Wina anakuwa dzina limene amanyozera nalo alendo, "Kwerekwere!" Tinathamanga.

Chidutswa cha njerwa chinawapeza achemwali kuseri kwa khutu. Sichinamveke kwambiri, chinangolira ngati munthu akugogoda dzungu. Anagwada pansi, koma dzanja limodzi silinachoke pa mtolo. Anautsitsa bwinobwino n'kundipatsa. Galimoto ya apolisi inatulukira pakona, anyamata aja anabalalika, achemwali anadzuka okha.

Tinadutsa m'tchire, minga ikutikala m'miyendo. Magazi anali ochepa. Ndinaganiza kuti tapulumuka.

M'holo ya tchalitchi munali anthu ambiri, a ku Zimbabwe, a ku Congo, ndi akwathu. Amayi ena ankagawa mabulangete ndi tiyi. Achemwali anakhala pansi n'kutsamira khoma. Tiyi anamukana.

"Tamasula, uone ngati buluu uja sanatayike," anatero.

Ndinamasula. Anali atatayika yense, n'kunyowetsa nsalu. Ndinawauza kuti ali bwinobwino.

"Ndiye mawa umalize boti lija."

Thabwa lija linali litatsala pakhomo pa chisakasa, koma sindinanene. Anatsinzina. Dzuwa lisanalowe anawatengera kuchipatala, ndipo sanadzukenso.

Amalawi omwe aja ankanditchula mlesi ndiwo anasonkha kuti thupi lipite kumudzi. Ndinakwera nalo. Mwambo utatha, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anagwira manja anga, kuwatembenuza, n'kuyang'ana m'zikhadabo. M'manjamo munalibe thuza ngakhale limodzi, m'zikhadabo munali penti yekhayekha. Ndinadikira kuti andikalipire.

"Galadeni yake ndi imeneyi?" anafunsa. Ndinangowerama. "Bwerera ukajambule. Mwana wanga asafere chabe."

Ndinabwerera. Inu amene munabwera kuno pambuyo pake mumandiona kudoko Loweruka, nditayala zithunzi za maboti, ndipo mumaseka kuti bambo wamkulu ngati ine amakulunga maburashi m'chitenje chakutha. Ndimakusiyani museke. Chikasu chake chinazilala kalekale ndi dzuwa. Nkhanga zimene zinagweredwa ndi buluu tsiku lija ndizo zokha zikuonekabe.